Mapulagi Awiri Pamwala Wochapira

Ine ndine Modesta wa ku Lirangwe, kumunsi kwa siteshoni ya sitima. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma pa nkhani ya pakamwa panalibe wondiposa. Nkhani ya chibwenzi cha akazi a aphunzitsi ndi atelala inatuluka ndi ine, ndipo inali yoona ndithu, kungoti anandigwaditsa nayo pamaso pa akulu a mpingo. Tikuchoka kumeneko amayi analumbira kuti ndikadzatulutsanso mawu a m'nyumba ya munthu, adzanditumiza kwa azakhali ku Neno, kumene kulibe ngakhale sitima yoti uziyiona ikudutsa. Ndiye mudziwiretu kuti mwezi umenewo pakamwa panga panali pomanga.

Zinachitika chaka chomwe chino, anthu akungokamba za Chitaganya, ndege zazikulu za ku Halale zikudutsa pamwamba pathu ngati zikutiwerenga. Achemwali anga a Phyllis anali atangokwatiwa kumene ndi a Edson a ku Chiradzulu. Alamuwo anamanga nyumba pakhomo pathu monga mkamwini aliyense, koma mkati mwa sabata ankagona ku Chileka, kumene ankagwira ntchito m'shedi ya mzungu wina wa kandege kake ka mipando inayi. Dzina la mzunguyo linkatikanika kutchula. Tinkangoti Bwana Kachipewa, chifukwa panalibe anamuonapo atavula chipewa.

Lachisanu limenelo alamu anafika dzuwa lisanalowe, ovolosi ili mbuu ndi fumbi. Anakhala pakhonde pawo. Amayi atangomva belu la njinga anazembera kuseri kwa nkhokwe, paja mpongozi ndi mkamwini sayang'anana. Achemwali anapita kukawatenthetsera madzi osamba. Ndinatsala ndine.

“Alamu, thumba latupali muli chiyani? Masiwiti anga?”

“Masiwiti a ndege. Ukaluma, mano onse atsala pansi, ndipo mudzi upumako.”

Anatulutsa kampango m'thumba la pachifuwa n'kukamasula pang'onopang'ono pamiyendo pawo. Munali tizitsulo tiwiri tonyezimira, totalika ngati chala changa chapakati koma tonenepa. Anati ndi mapulagi, amene amayatsa moto m'kati mwa injini. Anali atawadikira nthawi yaitali kuchokera ku Halale, ndipo tsiku limenelo bwana anawatuma kukawatenga kusitolo ku Blantyre. Katoni yake inali yosalowa m'thumba, ndiye anaisiya komweko.

“Zimenezi si zomwe zija a Ajibu amazipala ndi mpeni m'lole mwawo?”

“Iwe, usandichimwitse. Ya lole ndi ya lole. Ndi a ndege omwe safanana. Ina ili ndi khosi lalitali, ina lalifupi. Ukaika yaitali pofunika yaifupi, zam'kati zimaimenya. Ina imasunga kutentha, ina imataya msanga. Injini iliyonse ili ndi mtundu wake, ngati mphika ndi chivundikiro.”

Alamu akayamba za ntchito yawo sankapuma, nawonso anali ndi pakamwa, kungoti iwo palibe ankawagwaditsa. Anandiuza mmene amachotsera mapulagi n'kuwaika m'kathabwa ka mabowo kuti asasokonezeke, mmene amatokosera zotsalira za petulo zouma ngati timiyala, mmene amayezera kampata ka kunsonga ndi kawaya. Anati silinda iliyonse, kachipinda koyakira moto m'injinimo, ili ndi mapulagi awiri, ina pamwamba ina pansi, kuti ina ikafa inzake izigwirabe ntchito.

“Koma silinda yakutsogolo onse awiri atheratu. Awa akukalowa m'menemo, onse.”

Ndinatambasula dzanja kuti ndigwireko. Anandimenya pa zala, phwa!

“Pulagi ikagwa pansi kamodzi, yatha. M'katimu muli dothi loyera, ngati la makapu a tiyi a adona. Ikagunda pouma limang'aluka m'kati, mng'alu woti maso sangauone. Pansi pano injini imalira bwinobwino. Koma ikatentha, ndege ili pamwamba pa mitengo ikulimbana ndi kukwera, ndi pamene imasiya moto. Kuseri kwa shedi kuli mgolo wa zotere. Zonyezimira, mlamu, zokongola. Zonse zinagwapo kamodzi.”

“Ndiye bwana wanuyo amadziwa bwanji kuti simunagwetse n'kubisa?”

Anaseka. “Ali ndi lamulo lake. Womanga mapulagi ndiye amakhala pambali pake ulendo woyamba. Lolemba ndikupita ku Zomba m'mwamba. Ndidzakulavulira podutsa.”

Achemwali zonsezi sanazimve. Anabwera nkhani itatha, kudzagwada kuti madzi apsa.

Loweruka alamu analawirira ndi amuna anzawo kukamweta udzu wofolerera nyumba ya amayi, mvula isanatipeze. Anavala kabudula, ovolosi n'kuisiya pamsomali. Achemwali anaitenga pamodzi ndi zochapa zina n'kutsogola kumtsinje. Ine ndinatsalira kutsuka mbale, ndipo pamene ndinkatsetsereka ndi beseni langa anali atayamba kale.

Mwezi wa Okutobala mtsinje wa Lirangwe umatsala maiwe okhaokha. Pamwala wathu wochapira panalibe munthu wina. Ndili patali ndinamva kumenya kwa nsalu yonyowa, pha! pha! Koma m'kati mwa pha ameneyo munkamvekanso kena. Go. Pha, go. Pha, go.

Muyenera kuwadziwa achemwali anga. Zimene anankungwi anawalangiza polowa m'banja anazisunga zonse ngati Malamulo Khumi, ndipo lalikulu linali lakuti mkazi sapisa dzanja m'thumba la mwamuna wake. Mkazi wopisa m'thumba ndi wakuba kapena wansanje. Choncho ovolosi ija anangoiviika mmene inalili, n'kuipaka sopo. Ovolosi yonyowa imalemera kale yokha, kulemera kwinako akanakumva bwanji? Ndipo mikono ya achemwali ndi ya pamtondo.

“Achemwali! Lekani!”

Anali ataikweza kale. Itatsika pamwala, thumba linang'ambika, ndipo tizitsulo tija tinatumphuka. Kena kanagubuduka pamwala ngwe-ngwe-ngwe mpaka m'madzi. Kanzake kanadumpha n'kukagunda mwala wina.

Tinaima.

Ndinawafotokozera zonse zimene alamu ananena, za dothi loyera, za mgolo, za Lolemba. Iwo anavuula ija inagwera m'madzi, n'kuwatembenuzatembenuza onse awiri padzuwa.

“Chitsulo ichi, Modesta. Chitsulo chimasweka ndi kuchapa? Taona, palibe ndi pokalika pomwe.”

“Ati ndi m'kati.”

“M'kati wawonamo ndani? Iwe?”

“Tikangowauza alamu basi, aone okha.”

Anandigwira pamkono mpaka zikhadabo kulowa. “Ukufuna Lirangwe yense azinena kuti Phyllis, chaka chisanathe m'banja, wachotsetsa mwamuna ntchito? Mkamwini katundu wake ndi njinga, iwe. Akakwiya amangokwera, ulendo ku Chiradzulu. Ndiye ine ndidzakhale pakhomo pa amayi ngati Emily wa kwa a Smart, anthu akundiloza?” Maso awo anali atafiira. “Lumbira. Ukanena, ine si m'bale wako, ndipo ndikawauza amayi kuti wayambiranso.”

Ndinalumbira. Ndikanatani?

Anawapukuta bwinobwino n'kuwayanika pamwala mpaka anauma. Kampango kaja kanali katabookabooka, ndiye anakakwirira mumchenga. Titafika kunyumba anatembenuza ovolosi n'kusoka thumba lija chakumbuyo, osapisamo dzanja ngakhale pamenepo. Ulusi umene anali nawo unali wobiriwira, wotsala pa nsalu ya patebulo.

Alamu anabwera masana atasenza mtolo wa udzu. Atangoona ovolosi ili pachingwe, mtolo uja unagwa wokha.

“Phyllis! Mapulagi anga!”

Achemwali anatuluka n'kugwada, mapulagi ali m'kansalu koyera m'manja mwawo. “Ndinamva kulemera ndisanapite kumtsinje, bambo. Ndinangoizondotsa pabedi, anagwera pabulangete. Sindinapisemo.”

“Sanagunde pansi?”

“Ayi, bambo.”

Alamu anawayang'ana nthawi yaitali, uku ndi uku, mpaka kuwanunkhiza. Kenako anapuma mpweya waukulu. “Ndinakwatira mkazi wanzeru. Modesta, uzionera kwa akulu ako.”

Ine ndinali nditaluma lilime mpaka kumva mchere.

Madzulo ake ndinayesa kwa amayi. Ndinawapeza akupeta, n'kuyamba mozungulira. “Amayi, kodi munthu utadziwa kanthu koti alamu…”

“Za m'nyumba ya eni?”

“Koma ndi zoopsa.”

“Zako zonse zimakhala zoopsa. Ine ndi mkamwini sitiyang'anana, ukufuna ndikayambire pati? Neno si patali, mwana iwe.” Sanakweze ndi mutu womwe.

Lamulungu kunatentha moti malata a tchalitchi ankalira okha. Kumadzulo konse kunali utsi wa moto wa m'tchire, dzuwa likuoneka lofiira masanasana. Alamu anali patsogolo m'kwaya, akuimba besi, khosi lili ng'aa. Ine ndinkangowayang'ana kumsana. Ndinkaganiza kuti jekete lawolo ndi limene adzawaveke m'bokosi la maliro.

Titaweruka achemwali anawapangira tiyi. Pakhomo pathu panali kapu imodzi yokha ya dothi loyera, ya maluwa, mphatso ya paukwati yochokera kwa dona wa kumishoni. Mwezi wathawo inapulumuka m'manja mwanga n'kugwera pakhonde, ndipo tonse tinathokoza Mulungu kuti sinasweke. Tsiku limenelo achemwali atangothiramo tiyi wowira, inangoti the! Inagawanika pakati bwinobwino, tiyi n'kuyenderera pamphasa.

Alamu anaseka mpaka kugwira m'mimba. “Waona, mlamu? Zija ndimakuuza dzana. Inafa kale mwezi watha, imangodikira kutentha.”

Achemwali anatsala atagwira chogwirira chokha. Sanandiyang'ane. Anatola zidutswa zija chimodzichimodzi, ndipo ndinadikira kuti tsopano anena. Anatsegula pakamwa ndithu. Koma chimene chinatuluka ndi chakuti, “Ndikubweretsereni m'kapu yachitsulo, bambo.”

Chakumadzulo alamu anamangirira ovolosi pakaliyala, mapulagi n'kuwaika m'thumba la jekete. Achemwali anawaperekeza mpaka panjanji. Ndinkaona kwa patali ataima, akuyankhula, ndipo mtima unkati mwina, mwina. Kenako belu linalira ndipo njinga inapita. Pobwera achemwali anandidutsa ngati chitsa.

Lolemba ndinadzutsidwa ndi mtondo. Kunja kunali kutangoyera. Achemwali ankasinja, chikhalirecho ufa unalipo wodzaza dengu. Nditatuluka sanasiye, sanatembenuke.

“A Ajibu akupakira nkhuni ndi nkhuku za ku Chileka,” anatero, akuyankhula ndi mtondo. “Amayi ndiwauza kuti wapita kokatola nkhuni.”

“Ndiye ndikanene?”

“Ine sindinakutume.”

Munsi unagwa, unakwera, unagwanso. Ndinathamanga osasamba ndi m'maso momwe.

A Ajibu ndi mkulu wa sitolo ya pafupi ndi siteshoni, wa kofia yoyera ndi ndevu za mbuzi. Lole yawo inali yakale moti chitseko ankachimanga ndi luzi. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

“Wailesi ya Lirangwe ikupita kuti m'mawa uno?”

“Kwa alamu. Aiwala kanthu.”

“Kwera. Koma nkhani ya atelala ija undiuze yonse, ine ndinangomva mchira wake.”

Sindinawauze. Mpaka pa Lunzu sindinatulutse mawu, ndipo a Ajibu anandifunsa kawiri ngati ndikudwala. Titakhotera mumsewu wafumbi wopita ku Chileka, pachitunda china lole inayamba kutsokomola. Inagwedezeka, inagwedezekanso, n'kuzima. Nkhuku kumbuyo zinayamba kulira.

A Ajibu anatsika mosafulumira. Anatsegula kumphuno kwa lole, kumasula pulagi, kuiuzira, kuipala ndi mpeni. Inawapulumuka n'kugwera pamiyala. Anaitola, kuipukuta pathalauza, n'kuibwezera.

“Imeneyo siinafe, a Ajibu? Yagwatu.”

“Ikafa titsika tikankhe. Vuto lili pati?”

“Nanga ya ndege ikafa?”

Anaseka, akupukusa chitsulo cholizira injini. “Kumwambako mwanangu kulibe poponda. Ukankhira pati?”

Dzuwa linali litakwera kale. Ndili chiimire pamsewupo ndinamva kulira kwa ndege yaing'ono chakumwera. Ndinaifunafuna m'utsi muja mpaka ndinaiona, kadontho koyera kakukwera. Ndinaiyang'ana osaphethira, kudikira kuti itsokomole ngati lole. Inapitirira. Ya Bwana Kachipewa alamu ankati ndi yachikasu, koma pa utsi umenewo ndani akanasiyanitsa?

Pageti la ku Chileka mlonda ankawadziwa a Ajibu. Ine ndinasenza dengu la nkhuku kuti ndioneke wantchito wawo, ndipo titangolowa ndinalitula pansi n'kuliyatsa liwiro. Shedi ya bwanayo inali yakumapeto, kupitirira nyumba zonse zazikulu. Kutsogolo kwake kunaima kandege kachikasu, chivundikiro cha injini chili chotsegula mbali imodzi. Alamu anali pakampando ka thabwa, akupukuta ndi kansalu.

Atandiona anatsika msanga. “Kwagwanji? Phyllis?”

“Ali bwino.” Mpweya unkandithera. “Mapulagi aja mwamanga?”

“Kalekale. Taliza kale injini, ikuimba ngati kwaya. Bwana akungomaliza kuyankhula pa lamya. Iwe wabwera bwanji kuno?”

Nkhani zonse zimene ndinanenapo pamoyo wanga zinkatuluka zokha, zothira mchere. Iyi yokha ndinachita kuikoka. Ndinainena yopanda kanthu, mawu ochepa. Kuti ovolosi inachapidwa mapulagi ali momwemo. Kuti anamenyedwa pamwala, osati kamodzi. Kuti ina inagwera m'madzi.

Alamu anandiyang'ana, nkhope n'kuuma. “Modesta, za atelala zija sizinakukwane? Tsopano wafika pa m'bale wako weniweni?”

“Ndi zoona, alamu.”

“Mkazi wanga anagwada n'kundiuza pamaso pako. Ukuti ndi wabodza? Iwe ndi iye, wabodza amadziwika ndani ku Lirangwe?”

“Tembenuzani thumba la pachifuwalo.”

“Choka apa, bwana asanakuone.”

“Tembenuzani kaye, ndichoka.”

Anapisa zala ziwiri mokwiya n'kulikokera kunja. Pansi pake panali mzere wa ulusi wobiriwira, wosokedwa mothinana bwino, monga achemwali amasokera. Pambali pake nsalu inali yoperepeseka ngati yatafunidwa ndi mbuzi.

Anauyang'ana ulusi uja. Anaukhudza ndi chala.

“Ndiye chifukwa chake,” anatero motsitsa, osati kwa ine. “Pulagi yatsopano, kampata kotsekeka. Ndimati anaphonya ku fakitale. Ndangokatsegula ndi kawaya.”

“Edson!” Anali bwana, akutuluka m'shedi ndi chikwama, chipewa chili mpaka m'maso. Chinyanja chake chinali chokhotakhota. “Tseka injini, ife pita! Dzuwa tentha kwambiri!”

“Inde, bwana.”

Koma sanasunthe. Anayang'ana msewu wonyamukira ndege mpaka kumene umathera. Kumeneko kuli mitengo, ndipo kuseri kwa mitengoyo dziko limatsetsereka kupita kuchigwa, miyala yokhayokha. Mpweya unkavina pamwamba pa phula.

“Mwina palibe chasweka,” ananong'ona. “Yalira bwinobwino m'mawa.”

“Kapu ijanso inkamwetsa tiyi bwinobwino.”

“Ndikamuuza zoona afunsa kuti mapulagi a ndege amatani pamwala wochapira. Pofika madzulo Chileka yense akhala akuseka dzina la Phyllis.”

Bwana anali ataponya kale chikwama m'ndege. Anatsegula chitseko cha mbali ya alamu n'kumenya pampando ndi dzanja, ngati akuitana galu. Ine ndinabwerera m'mbuyo mpaka kukhoma la shedi. Ndinaona alamu akubweza thumba lija m'kati, akukweza dzanja kuchivundikiro cha injini, ndipo ndinadziwa kuti atseka.

Sanatseke.

“Bwana, mtima wanga sukukhazikika ndi timawashala ta mkuwa tothinira mapulagi. Ndione kaye pang'ono.”

Bwana anayang'ana wotchi n'kutukwana, koma anakweza dzanja kuti chita msanga. Alamu anakwera pakampando ndi sipanala. Anamasula waya, kumasula pulagi yapamwamba, kuiika m'kathabwa ka mabowo. Anawerama, kumasula yapansi, kuiikanso. Anagwira kathabwako ndi manja awiri monga amanyamulira mbale ya mgonero kutchalitchi, n'kutsika.

Pasimenti panali chingwe chomangira ndege. Ine ndinaona ndi maso angawa, phazi lawo linachita kuchifunafuna chingwecho.

Anapunthwa. Kathabwa kanapendekeka. Ngwe-ngwe-ngwe.

Kulira kwake kunali komwe kuja kwa kumtsinje.

Bwana Kachipewa anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi. Mutu wake, abale, unali dazi lokhalokha, lofiira ngati phwetekere. Anayankhula Chizungu chimene ku Sitandade 3 sitinaphunzire. Alamu anali atagwada, akungoti pepani bwana, pepani bwana, manja akufufuza pasimenti. Bwana anawakankha, kutola yekha mapulagi aja, kupita kuseri kwa shedi. Ndinamva akugwera mumgolo, pamwamba pa anzawo.

“Ena palibe! Mpaka Halale! Iwe manja phala!” Anapuma, akutola chipewa. “Pita kwanu. Ine funa iwe, ine itana.”

Tinabwerera panjinga, ine pakaliyala. Msana wa ovolosi unali utanyowa ndi thukuta. Titayandikira kwathu sanalowere njira ya kumudzi, anatsetserekera kumtsinje n'kuimika njinga pamchenga.

“Mwala wake ndi uti?”

Ndinaloza. Anawerama n'kuusisita. Panali timabala toyera pamene chitsulo chinkagunda, tambiri, osati tiwiri.

Kenako anatulutsa kanthu m'thumba la m'mbali n'kukaika pachikhatho changa. Kanali kachidutswa ka dothi loyera lija, kochepa ngati njere ya chimanga. Ndiye kamene ankafufuza pasimenti paja.

“Tayang'ana posweka. Mbali iyi yoyera mbee yasweka lero, nditagwetsa. Nanga iyi?”

Mbali inayo inali yakuda.

“Utsi umenewo walowa m'mawa, pamene timaliza injini. Mng'alu unalipo kale, mpaka pakati.” Anakatenga n'kukaponya padziwe. Sikanamveke ndi kugwa komwe. “Zomba sitikanaiona.”

Kunyumba tinapeza achemwali atakhala pakhonde, osachita kanthu, ufa uja uli pamphasa nkhuku zikudya. Ataona njinga anaimirira, n'kukhalanso, n'kugwada. Alamu analowa m'nyumba, kuvula ovolosi, kutuluka nayo. Anaima patsogolo pawo n'kuyamba kutembenuza matumba limodzilimodzi, la kumanja, la kumanzere, la kumbuyo. La pachifuwa analisiya lomaliza, ulusi wobiriwira uli poyera.

“Kuyambira lero matumba ndizikhuthula ndekha,” anatero. “Madzi osamba alipo?”

“Alipo, bambo.” Mawu a achemwali ankamveka ngati a munthu wodwala chifuwa.

Njinga sinapite ku Chiradzulu. Ili pakhonde, matayala akuphwa, chifukwa bwana uja mpaka pano sanaitane. Mvula yagwa, ndipo alamu akulima m'munda mwa amayi ndi manja aja ankayeza kampata ndi kawaya. Iwo ndi achemwali amayankhulana za madzi, za mchere, za mbewu.

A Ajibu anafalitsa kuti ndinali ku Chileka tsiku limenelo, ndiye pachitsime amayi onse amandizungulira. “Modesta, iwe unaliko. Ati a Edson manja anachita phala?” Ine ndimavomera. Ndimawaonetsa mmene phazi linakodwera m'chingwe, mmene kathabwa kanapendekekera. Ndikafika pa dazi la Bwana Kachipewa amaseka mpaka kutaya madzi, ndipo palibe amafunsanso china.

Achemwali zochapa amapita nazo kumwala wina, kumtunda, kutali. Ndege yaing'ono ikamadutsa pamwamba pa Lirangwe amasiya kusinja, munsi uli m'mwamba, mpaka kulira kwake kutatheratu.